Mawaya a m'mano si katundu wooda



Masiku apitawa tinafufuta mapositi atatu otsatsa ma braces a m'paketi, ndipo ena mwa inu simunasangalale. Mmodzi anatilembera kumbali kuti ma admin tayamba nsanje, tikufuna geni ikhale yathu yokha. Wina anafunsa kuti bwanji timalola otsatsa mawigi ndi zikhadabo zomata koma tikukaniza timawaya ta m'mano, pomwe zonsezo n'zodzikongoletsera basi. Funso lachiwirili ndi labwino, ndipo yankho lake ndi lalitali. Ngati muli pamzere pa Nyamapanda, nthawi yowerengera muli nayo kale.

Nkhaniyi inayambira ku Beatrice.

Amene mumayenda msewu wa Harare kupita ku Masvingo ndi Beitbridge mukupadziwa. Mukatuluka mu Harare n'kuyenda makilomita 50 ndi angapo, musanafike ku Chivhu, pali katauni kakang'ono pafupi ndi mtsinje wa Mupfure, kozunguliridwa ndi mafamu. Ambiri timangoimapo kuti tione matayala ndi kugula chakumwa. Koma mukapatuka n'kulowa m'makomboni a m'mafamumo, mumva agogo akulankhula Chichewa chakale chija chimene ngakhale ku Dedza ana sakuchilankhulanso. Makolo awo anabwera pa nthawi ya Mthandizi ndi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pakati pa 1953 ndi 1963, ena kale kuposa apo, kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Mafamu atayamba kulandidwa m'chaka cha 2000, ambiri ntchito inawathera, ndipo kumudzi kobwerera kunalibe chifukwa sanakuoneko n'kamodzi komwe. Anangokhala pomwepo n'kumadalira maganyu.

Pali khomo lina kumeneko limene ena a ife timafikirapo. Agogo a pakhomopo amatitcha ana awo, amatifunsa za mvula ya kumudzi kumene anachokako ali kumbuyo kwa amayi awo, ndipo ife timawasiyirako kathumba ka usipa kapena mpunga wa kilombero. Amalera mdzukulu, mtsikana wa zaka 14, wanzeru kusukulu, amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chishona. Mano ake awiri akutsogolo ndi otuluka, ndipo pakati pake pali mpata. Anzake kusukulu anamupatsa dzina lakuti tsuro, kutanthauza kalulu. Mwanayo anasiya kuseka pagulu. Akamalankhula, dzanja pakamwa.

Mmodzi wa ife, mayi amene ali m'gulu lomwelino ndipo watilola kuti tinene nkhaniyi popanda dzina lake, anamumvera chisoni. Ali ku Johannesburg anaona kapaketi: timabatani tachitsulo, waya, timphira tamitundumitundu ndi kabotolo ka guluu. Mtengo wake sunafike ngakhale pa wa bulangete labwino. Anagula ngati mphatso, osafuna phindu lililonse. Atafika nako, mtsikana wina wokonza zikhadabo, amene anati anaphunzira pa TikTok, anamata timabatani tija, n'kulowetsa waya, ndipo pofuna kuti mpata utsekeke msanga anakulunga kamphira kozungulira mano awiri aja.

Sabata zoyamba aliyense anaombera m'manja. Mpata unatsekeka ndithu. Kamphira kaja sikanaonekenso, ndipo onse anaganiza kuti kanaduka n'kugwa. Sikanagwe. Dzino ndi lalikulu kumutu, lowonda kumuzu, choncho kamphira kothina kamatsetsereka kulowera kowondako, pansi pa nkhama, n'kumadula timinofu togwira dzino ndi kudya fupa. Pofika mwezi wachinayi nkhama zinali zitatupa, zikutuluka magazi ndi mafinya, mano aja akuoneka ngati atalika, ndipo ankagwedera mwana akaluma nthochi. Mayi uja atadutsanso n'kuona, sanapitirire ulendo. Katundu anamusiya m'manja mwa anzake, n'kukwera kombi ndi mwanayo kubwerera ku Harare. Dokotala wa mano anajambula X-ray, n'kuchita kung'amba nkhama kuti atulutse kamphirako. Anamangirira mano awiriwo kwa oyandikana nawo kuti asagwedere, ndipo ananena mosabisa kuti limodzi mwina lipulumuka, linalo tidikire tione.

Ndalama zimene zapita kale pamenepo zikanagula mapaketi aja dazeni zingapo. Ndipo mano ake akadali otuluka monga kale.

Sitikunena kuti kuwongola mano n'koipa, kapena kuti ndi za anthu olemera okha. Mwana amene akusekedwa tsiku ndi tsiku ali pamavuto enieni, ndipo mano otuluka kwambiri amathyoka msanga mwana akagwa kapena akawombedwa ndi mpira. Komanso sitikunena kuti njira yokhayo ndi mawaya achitsulo. Njira zilipo zingapo ndipo tizikambirana. Chimene tikunena n'chakuti kusiyana kwakukulu sikuli pakati pa waya ndi pulasitiki. Kuli pakati pa dzino limene likusunthidwa wina wodziwa akuliyang'anira mwezi ndi mwezi, ndi dzino limene likusunthidwa mwa "tiona konko".

Kuti timvetse, tiyambe ndi mmene dzino limasunthira. Dzino silili ngati msomali wokhomedwa m'thabwa. Lili m'kabowo ka m'fupa la nsagwada, ndipo pakati pa muzu ndi fupalo pali timinofu tating'ono kwambiri tolimangirira mbali zonse, ngati malamba omangira katundu pa thirela. Mukalikankha pang'ono kwa nthawi yaitali, thupi limasungunula fupa kumbali imene dzino likupita, n'kumanga fupa latsopano kumbali imene likuchoka. Ntchitoyi ili ndi liwiro lake, pafupifupi milimita imodzi pamwezi. Mukakankha mopitirira, magazi sayenda bwino m'timinofu tija, muzu umafupika, mtsempha wa m'kati mwa dzino ukhoza kufa dzinolo n'kuda, kapena dzino limakankhidwira kunja kwa fupa n'kutsala likulendewera pa nkhama. Ndipo ngati munthu ali kale ndi matenda a nkhama, amene akuluakulu ambiri tili nawo osadziwa, kukankha kulikonse kumathamangitsa kuguluka kwa mano. Zonsezi sizioneka pagalasi. Zimaoneka pa X-ray ndi m'maso mwa munthu amene anaziphunzira. Achimwene a mathiraki, inu simungalole kuti munthu akupangireni alaimenti ya hosi pongoyang'ana chithunzi chimene mwamutumizira pa WhatsApp. Matayala amagulidwa ena. Dzino la munthu wamkulu likapita, chotsala ndi gweru, ndipo sitikunena Gweru wa ku Midlands.

Tsono njira yakale, ya mawaya. Si yachilendo. Dokotala wa ku America dzina lake Edward Angle ndi amene mu 1899 anagawa m'magulu mmene mano apamwamba ndi apansi amakumanirana, ndipo magulu akewo madokotala akuwagwiritsabe ntchito. Masiku ano timabatani timamatidwa pa dzino lililonse pamalo ake enieni, ndi guluu wopangidwira m'kamwa, ndipo waya woyamba amakhala wofewa, wa chitsulo chimene chimayesetsa kubwerera mmene chinapindidwira, n'kumakoka mano pang'onopang'ono. Kenako dokotala amasintha, kuika wolimbirapo. Ntchito yonse nthawi zambiri imatenga chaka ndi theka mpaka zaka ziwiri, ndipo munthu amayenera kukaonedwa pakatha sabata 4 mpaka 8 zilizonse. Ubwino wa mawaya ndi wakuti amatha ntchito zovuta: kutembenuza dzino lopotoka, kutsitsa dzino limene lakanirira m'fupa, kutseka malo pamene azulapo dzino kuti ena apeze pokhala. Ubwino wina, umene makolo mungaumvetse, ndi wakuti mwana sangawavule. Akugwira ntchito usana ndi usiku, afune asafune.

Zovuta zake zilipo ndipo n'zogwirizana ndi moyo wathu. Chimanga chootcha cha m'mbali mwa msewu, nzimbe, maputi, mtedza wokazinga, kukukuta mafupa a kanyenya: zonsezi zimathothola timabatani. Kutsuka m'kamwa kumafuna nthawi, chifukwa nsima ndi ndiwo zimabisala kuseri kwa waya, ndipo wosatsuka bwino akadzachotsa mawaya amapeza mano oongoka koma a mawangamawanga oyera, chiyambi cha kubooka.

Koma msampha waukulu kwa ife oyenda ndi wa malo. Timazolowera kuti chinthu chabwino ndi chotchipa chili ku Joni, ndiye timaganiza kuti ndi mawayanso n'chimodzimodzi: kutenga mwana patchuthi cha Disembala, kukamuika, n'kubwera naye. Werengani mtunda. Kuchokera ku Beatrice kukafika ku Johannesburg ndi makilomita oposa 1,000, ndi boda ya Beitbridge pakati. Wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre awonjezerepo Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Kodi ulendo umenewo mudzauyenda ndi mwana wasukulu mwezi uliwonse kapena miyezi iwiri iliyonse, kwa zaka ziwiri? Geni ikadzagwa, pasipoti ikadzatha, mudzatani? Taona ana akuyenda ndi waya yemweyo chaka chathunthu, timabatani tina titagwa, mano akupita kumene akufuna. Ndipo mukapita kwa dokotala wina kuti apitirize ntchito ya mnzake, ambiri amayamba ayezanso zonse ndi kukutchajani mwatsopano. Pa nkhani ya mawaya, dokotala wabwino ndi amene mwana angathe kumufikira ndi kombi imodzi. Kwa wa ku Beatrice ameneyo ali ku Harare, ola limodzi lokha. Mtengo ukhoza kukwererapo kuposa wa ku Joni, koma muphatikize matikiti a basi khumi ndi angapo musananene kuti kwadula.

Njira yatsopano imene ambiri mwaiona pa Facebook ndi ya ma aligner, timapulasitiki toonekera timene timavalidwa pa mano ngati chivindikiro. Kampani ya Align Technology ya ku America inayamba kugulitsa ake otchedwa Invisalign mu 1999, ndipo pano makampani opanga ndi ambiri. Dokotala amajambula mano ndi kamakina kapena kudinda chikombole, kompyuta imakonza ulendo wonse wa dzino lililonse, kenako amapanga timapulasitiki tambirimbiri totsatizana. Kalikonse kamasuntha dzino pafupifupi kota ya milimita, ndipo mumasintha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Ikachitidwa ndi dokotala, iyi ndi njira yeniyeni, osati yachinyengo. Kwa mano opanikizana pang'ono kapena a timipata, imagwira bwino. Kwa mavuto aakulu, mawaya akadali patsogolo. Nthawi zambiri ma aligner amadula kuposa mawaya.

Poyamba tikamva timati iyi ndiye yathu ife a pamsewu: palibe waya wobaya tsaya uli pakati pa Mvuma ndi Masvingo, chimanga chootcha umadya utavula, ndipo dokotala akhoza kukupatsiratu timapulasitiki ta miyezi iwiri kapena kuposerapo. Zonsezo n'zoona. Koma pali lamulo limodzi limene otsatsa salinena mokweza: tiyenera kukhala m'kamwa maola 20 mpaka 22 pa tsiku. Otsala awiri kapena anayiwo ndi odyera ndi kutsukira. Tsono dalaivala dziyezeni. Usiku wonse mukumwa tiyi wa shuga, kenako chakumwa chothamangitsa tulo, kenako masuwiti. Mukamwa zotsekemera mutavala, shuga amalowa pansi pa pulasitiki n'kugona pa mano, malovu osamufikira, ndipo mano amabooka. Mukamwa zotentha, pulasitiki amapindika. Mukamavula nthawi iliyonse imene mukumwa, maola 22 aja amasanduka 12 ndipo mano sasuntha. Musanavalenso muyenera kutsuka, ndipo tonse tikudziwa mmene madzi amavutira pamene wagona masiku awiri pamzere. Mukaiwala pa dashibodi dzuwa la ku Beitbridge likuswa mtengo, mupeza atakhota ngati khutu la mbuzi. Mukakulunga m'kapepala podya nsima pamalo odyera, amapita ndi mbale. Ife tikuona kuti njirayi ndi ya munthu wamkulu amene amadzidziwa kuti ndi wosunga mwambo, amene ngakhale malisiti a pa boda amawasunga mwadongosolo. Kwa mwana wa zaka 13 amene sabata iliyonse amataya cholembera, mukungotaya ndalama.

Ndiye pali mchimwene wake wa njira imeneyi, amene ndi woopsa chifukwa amavala suti. Awa ndi ma aligner otumizidwa pa intaneti popanda kukumana ndi dokotala: amakutumizirani phala lodindira mano, mumadinda nokha kunyumba, mumatumiza, iwo n'kukutumizirani timapulasitiki. Palibe X-ray, palibe woyeza nkhama, palibe woona ngati pali dzino lobooka. Kampani yaikulu kwambiri pa malonda amenewa inali SmileDirectClub ya ku America, imene inayamba mu 2014 ndipo inafika mpaka pa msika wa masheya mu 2019. Mu Seputembala 2023 inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole, ndipo mu Disembala chaka chomwecho inatseka. Anthu amene anali pakati pa ulendo anatsala pomwepo, mano atasuntha theka, lonjezo lowasamalira moyo wonse litafera limodzi ndi kampani. Ngati chimphona chotere chinazimirira m'sabata zochepa, nanga bwanji nambala ya WhatsApp yokhala ndi chithunzi cha munthu wovala gauni yoyera, imene ikuti tumizani dipoziti?

Tinene chilungamo: makampani amenewa anapeza makasitomala chifukwa madokotala ndi odula ndipo ndi ochepa. Kwathu ku Malawi sukulu yophunzitsa madokotala a mano inayamba mu 2019, ku College of Medicine imene pano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow. Nthawi imeneyo dziko lonse linali ndi madokotala a mano osakwana 50. Akatswiri owongola mano, amene amaphunziranso zaka zina pamwamba pa udokotala wa mano, ndi ochepa kuposa apo, ndipo kuno konse amapezeka m'mizinda ikuluikulu. Munthu wa pakomboni ku Beatrice, amene amadya za maganyu, mukamuuza kuti apite kwa katswiri amangoseka. Sitikumunyoza mayi anagula kapaketi uja. Ambiri a ife tikanachita zomwezo. Koma kudula kwa chinthu chenicheni sikusandutsa chabodza kukhala mankhwala.

Za timawaya ta fashoni, tovala kuti uoneke wa patauni, sitichulukitsa mawu. Fashoniyi inatchuka kale ku Thailand, Malaysia ndi Indonesia, kumene achinyamata ankamatitsa m'misika ndi m'masaluni, mpaka boma la Thailand linaletsa malondawo chifukwa cha matenda a m'kamwa ndi mtovu umene unkapezeka m'mawaya ena. Ogulitsa amati n'zongokongoletsa, sizisuntha mano. Waya aliyense womatidwa pa mano amakankha. Kusiyana kwake n'kwakuti uyu akukankha popanda woyendetsa. Onjezanipo guluu wosadziwika, kabatani kothothoka n'kumezedwa, ndi zida zochoka m'kamwa mwa uyu kulowa m'kamwa mwa uyo zitangopukutidwa ndi kansalu.

Wina anatiyankha kuti mng'ono wake anaika za m'paketi zomwezi ndipo palibe chinachitika. Mwina. Tonse tikudziwanso dalaivala amene anatsika Dedza kupita ku Golomoti mabuleki ali ofooka n'kufika bwinobwino. Komanso muzu wofupika suwawa lero. Umadzadziwika patapita zaka, dzino likayamba kugwedera popanda chifukwa chooneka.

Pali njira ina imene palibe amaitsatsa chifukwa ilibe phindu: kudikira, kapena kusiya mmene zilili. Makolo ambiri sadziwa kuti mwana wa zaka 7 mpaka 10 nthawi zambiri amakhala ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, manowo ataloza uku ndi uku, ndipo mpatawo umatsekeka wokha mano osongoka a m'mbali akamera pa zaka 11 kapena 12. Kukulunga kamphira pa msinkhu umenewo ndi kuwononga chinthu chimene chikanadzikonza chokha. Nanga mpata wa munthu wamkulu ndi matenda kuyambira liti? Kwathu wakhala ukuyesedwa kukongola kuyambira kale, mpaka kutchulidwa pofunsira. Amene mumafika ku Cape Town mwaona ena akuzulitsa dala mano anayi akutsogolo chifukwa kwa iwo n'kukongola. Chokongola chimasintha ndi boda. Ngati mano amatafuna bwino, amatsukika, ndipo mwini wake sakudandaula, asiyeni. Musamupatse mwana manyazi amene analibe chifukwa cha zithunzi za pa foni.

Kwa ana ang'onoang'ono palinso zotchipa zimene zimapulumutsa ndalama zambiri kutsogolo. Kuyamwa chala kukapitirira mpaka mano achikulire ayamba kumera kumakankhira mano kunja, ndiye kumusiyitsa mwana msanga ndi chithandizo kale. Mano a ubwana akumbuyo si ongotaya ayi: amasungira malo mano achikulire, ndipo akabooka n'kuzulidwa nthawi isanakwane, oyandikana nawo amatsetsereka n'kutseka malowo, dzino latsopano n'kumera pambali. Bungwe la akatswiri owongola mano la ku America limalangiza kuti mwana akaonedwe koyamba akafika zaka 7. Si kuti aikidwe mawaya pa msinkhu umenewo, koma kuti vuto lidziwike nsagwada zikadali kukula. Ana ena amangofunika kambale kovula ndi kuvala, ka pulasitiki ndi kawaya kamodzi, kamene dokotala wa mano wamba amatha kupanga, kotchipa kuposa mawaya a m'kamwa monse.

Chenjerani ndi njira yachidule ya akuluakulu, yopala mano abwinobwino n'kuwaveka zisoti zoyera kuti aoneke oongoka m'sabata imodzi. Chimene chapalidwa sichimeranso, ndipo zisotizo zimafuna kusinthidwa pakapita zaka, mpaka moyo wanu wonse.

Chinthu china chimene ambiri amadzachimva mochedwa: kaya mwasankha waya kaya pulasitiki, mano amafuna kubwerera kwawo ngati mbuzi yogulidwa kumene. N'chifukwa chake mukamaliza amakupatsani retainer, kapulasitiki kovala usiku kapena kawaya kakang'ono komatidwa kuseri kwa mano, ndipo kameneka ndi ka zaka zambiri, osati miyezi. Wa m'saluni ndi wa pa WhatsApp za retainer sanenako.

Ngati mwaganiza zopita kwa dokotala, pitani ngati mmene mumapitira kokaoda katundu, maso ali gwa. Muyambe mwatsimikiza kuti ndi wolembetsedwa. Ku Zimbabwe kaundula ali ndi Medical and Dental Practitioners Council of Zimbabwe, kwathu ali ndi Medical Council of Malawi, ndipo ku South Africa bungwe la HPCSA lili ndi mndandanda umene mungaufufuze pa intaneti ndi dzina la munthuyo. Dokotala weniweni sakwiya mukafunsa. Akangoti tsegulani pakamwa timate lero lomwe, asanajambule X-ray, asanaone nkhama ndi mano obooka, nyamukani. Funsani mtengo wonse mpaka kumapeto, ngati retainer ili momwemo, ndi ndalama zingati kabatani kakathothoka, ndiponso ngati amalola kulipira pang'onopang'ono, chifukwa ambiri amalola. Muwauze zoona za ntchito yanu: kuti mumatha sabata zitatu muli pamsewu, kuti tsiku lobwerera limadalira pa boda. Dokotala wabwino asankha nanu njira yogwirizana ndi zimenezo, kapena akuuzani kuti dikirani kaye. Ndipo pemphani kuti zithunzi ndi mbiri ya chithandizo chanu muzikhala nazo pa foni, kuti mukadzasamuka wina adzadziwe poyambira.

Kwa amene muli kale ndi mawaya ndipo muli paulendo: waya akayamba kubaya tsaya, matanipo phula la mawaya limene dokotala amapereka. Likasowa ndipo muli kutali, chowengera zikhadabo chotsukidwa bwino chikhoza kudula kansonga kobayako, mutagwira kachidutswako kuti musameze. Zikatero imbirani dokotala wanu. Musayese kumata kabatani ndi guluu wa nsapato.

Tsono tibwerere ku funso lija la mawigi. Wigi ikakhala yoipa, kasitomala amavula n'kutitukwana, mawa tagwirizananso. Mapoto akabooka timabweza ndalama. Geni yathu yonse yaima pa zinthu zimene zikalakwika zimabwezeka. Kapaketi ka ma braces sikali m'gulu limenelo, ndipo amene amakagula kawirikawiri si mwini m'kamwa, ndi azakhali kapena amalume ofuna kusangalatsa mwana amene sangathe kukana. N'chifukwa chake m'gulu lino sitilola kutsatsa ma braces a m'paketi, timphira totsekera mipata, kapena ma aligner opanda dokotala, ndipo wofunsa kuti amugulireko tizimutumizira positi ino. Amene mukufuna geni ya za m'kamwa, ilipo yoyera: miswachi, mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, timiswachi ting'onoting'ono tolowa pakati pa mawaya, ulusi wotsukira pakati pa mano, ndi phula lija. Anthu ovala mawaya enieni amazisowa zimenezi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo sizilemera m'chikwama.

Mtsikana wa ku Beatrice akupita ku Harare mwezi uliwonse kukaonetsa nkhama. Dokotala wati za kuwongola mano asaziganizire mpaka fupa litakhazikika, mwina chaka chamawa, ndipo ngati dzino lija liguluke, pulani yonse isintha. Mayi uja ndi amene akulipira, ndipo atatu a ife tikusinthana za kombi. Agogo sanamukalipire. Tinali pomwepo tsiku limene anapita kukapepesa, atagwada pakhomo. Agogo anangoti, "Dzukani mwanangu, munkafuna kuti aziseka." Amene mudutse kumeneko mwezi uno ndipo mukufuna kuponyapo ya ulendo wotsatira, lankhulani ndi ma admin kumbali, tikuuzani pokasiya.